Galasi la galimoto yakale likakalika: kupukuta, kupala kapena kusintha?

Chaka chimene ndinayamba kuyendetsa Peugeot 504 imene anandisiyira malemu bambo anga, nthawi imene ndinkaiopa inali ya m'ma 5 koloko madzulo, dzuwa likapendeka n'kumandiwomba m'maso. Masana galasi lakutsogolo linkaoneka loyera bwinobwino. Koma dzuwa likangotsika, mauta awiri amene mawaipa anajambula pa zaka zambiri ankayaka ngati moto, ndipo munthu wa pa njinga amene ali patsogolo panga ankangosanduka chithunzithunzi. Galasi la chitseko cha dalaivala linali ndi vuto lakelake, mizere yoongoka yochokera pamwamba kutsika pansi, ina yozama moti chikhadabo chinkakodwamo. Lakumbuyo linali ndi madontho otuwa amene sankachoka ngakhale nditsuke ndi sopo wotani. Ndinkaona ngati ndi matenda amodzi ofuna mankhwala amodzi, ndipo maganizo amenewo ndi amene anandiwonongetsa galasi limodzi.

Chimene ndinachedwa kumvetsa n'chakuti mzere wokalika ndi kangalande, galasi linachokapo pamenepo ndipo silidzabwereranso. Palibe mankhwala amene amameretsa galasi. Tikamati tachotsa mzere, zimene tachita ndi kutsitsa galasi lonse lozungulira mpaka lifanane ndi pansi pa kangalandeko. Choncho njira iliyonse yoonadi imadya galasi, ndipo funso limakhala lakuti mwalolera kudya lochuluka bwanji, komanso pamalo pati. Pa galimoto ya chaka chino nkhaniyi ndi yaing'ono chifukwa galasi lina lili m'sitolo. Pa galimoto ya zaka 40 kapena 50, galasi limene muli nalolo mwina ndi lomaliza limene mungalipeze mosavuta.

Musanagule chilichonse

Tsukani galasilo mbali zonse ziwiri, muliumitse, kenako muyendetse chikhadabo modutsa mzerewo. Chikangodutsa osamva kanthu, kapena kumva pang'ono kwambiri, mzerewo ndi wapamwamba ndipo ungachoke pongopukuta. Chikakodwa n'kuima, ndiye kuti ndi wozama, ndipo kupukuta kokha sikungauthetse ngakhale mutachezera usiku wonse. Yesani mbali zonse chifukwa maso amanamiza. Mzere umene mukuyesa kuti uli kunja ukhoza kukhala mkati, kumene mphete ya munthu kapena chitsulo cha lamba wa pampando chinakhudza. Ngati galasilo linamatidwa pepala lakuda lija la tinti, mwina chakalika ndi pepalalo, galasi lili bwinobwino.

Kenako yang'anani pakona pamene pali chidindo cha kampani. Magalasi a galimoto alipo a mitundu iwiri. Pali olembedwa Laminated, amene ndi magalasi awiri omatidwa ndi kapulasitiki pakati, njira imene anaitulukira Mfalansa wina dzina lake Édouard Bénédictus kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Amenewa mwala ukawagenda amang'aluka koma sagwa. Ndiye pali olembedwa Toughened kapena Tempered, amene anawotchedwa n'kuziziritsidwa mofulumira kuti khungu lake likhale lolimba. Amenewa akasweka amayoyoka onse nthawi imodzi kukhala timiyala ngati mchere wamibulu. Masiku ano galasi lakutsogolo limakhala la Laminated, koma galimoto zambiri za ku Ulaya za m'ma 1950 mpaka m'ma 1970 zinkatuluka ndi la Toughened ngakhale kutsogolo. Chidindo chikafufutika, valani magalasi a dzuwa a polarized, aja ochepetsa kunyezimira, n'kuyang'ana mopendekera: galasi lowotchedwa limaonetsa mawangamawanga ngati khungu la kambuku.

Eni galimoto za ku Britain, monga Land Rover Series, Morris Minor kapena Austin, ayang'anitsitse chidindo cha Triplex, kampani imene inkapanga magalasi a galimoto kumeneko. Mawu akuti TOUGHENED ali ndi zilembo 9, ndipo kadontho kamene kali pansi pa chilembo chimodzi kamanena nambala yomaliza ya chaka chimene galasilo linapangidwa: pansi pa T ndi 1, pansi pa O ndi 2, mpaka D amene ndi 9. Kadontho kameneka kakagwirizana ndi chaka chimene galimoto inapangidwa, ndi chizindikiro chakuti galasilo ndi lobadwa nalo galimoto, ndipo kwa munthu wosunga galimoto zakale ndi chifukwa chokwanira choyesetsa kulipulumutsa m'malo molitaya.

Zimene si zokalika n'komwe

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi imene inathetsa vuto la galasi langa lakumbuyo. Zambiri zimene timaziyesa zokalika zimakhala zinthu zokakamira pamwamba: mchere wa m'madzi a pa mjigo umene unaumirapo padzuwa, labala wa waipa amene anapakika, utoto umene unauluka pamene ankapopera galimoto. Madontho a madzi amasungunuka ndi vinigala wosakaniza ndi madzi. Utoto ndi labala zimachoka ndi lezala watsopano, mutamugoneka ndithu, galasi lili lonyowa ndi madzi a sopo. Zotsalira zimachoka ndi steel wool wosalala kwambiri wa nambala 0000. Musatenge wokhakhala uja wokwechera mapoto, ndipo kasiponji kobiriwira ka kukhitchini musakayandikitse n'komwe, chifukwa kali ndi timchenga tolimba kuposa galasi ndipo kamasiya chifunga cha timizere. Galasi lakumbuyo likakhala ndi timawaya totenthetsera, tili mkati, choncho mkatimo lezala kapena steel wool zisafikemo.

Mankhwala otsukira mano ndi soda, zimene anthu amalangizana kwambiri, zili m'gulu lomweli. Zimachotsa litsiro limene linadzaza mu mzere, mzerewo n'kuoneka ngati wachepa, koma ndi zofewa kwambiri moti sizingadye galasi. Sizivulaza kanthu, zimangodya nthawi. Polishi wa thupi la galimoto kapena wopaka zikhadabo amadzaza kangalandeko kwa masiku ochepa, waipa akadutsa kangapo mzere uja wabwerera.

Ufa wa cerium oxide

Iyi ndi njira imene ndimaikhulupirira pa mizere yosazama, makamaka mauta a waipa. Cerium oxide ndi ufa woyera kapena wofiirira pang'ono umene opanga magalasi a maso ndi a makamera amamalizira nawo ntchito. Ndikaugwira ndimakumbuka kuti cerium ndi umodzi mwa miyala ija imene ili m'phiri la Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe ku Phalombe, chikhalirecho ife timachita kuitanitsa kapaketi kake kuchokera kunja. Ubwino wake ndi wakuti sumangokhula ngati mchenga. Pakakhala madzi, umafewetsa kakhungu kapamwamba ka galasi n'kukachotsa pang'onopang'ono, n'chifukwa chake pamatsala powala, osati potuwa. Kale ankagwiritsa ntchito ufa wofiira wa osula ndolo ndi mphete, umene umagwirabe ntchito koma umachedwa kwambiri.

Zofunika ndi ufawo, kathabwa kozungulira ka mainchesi 3 kokutidwa ndi felt (nsalu yokhuthala ya ubweya wopanikizidwa), dirilo kapena makina opukutira, botolo lopopera madzi, tepi ndi mapepala. Sakanizani ufa ndi madzi mpaka zikhale ngati phala la mwana lamadzimadzi. Jambulani malo okalikawo ndi maka kuseri kwa galasi, chifukwa phala likangopakika mzere simuuonanso ndipo mudzakhala mukupukuta pamalo polakwika. Phimbani thupi la galimoto, malabala ndi zitsulo zowala, popeza phalali limathothokera paliponse ndipo likauma m'mphako za labala limavuta kuchotsa.

Makina aziyenda pang'onopang'ono, maulendo a pakati pa 1,000 ndi 1,500 pa mphindi akukwana. Felt agone yense pagalasi, musamupendeketse, ndipo dzanja lisaime malo amodzi. Yendani kumanzere ndi kumanja, kenako m'mwamba ndi m'munsi, pa dera lalikulu kuposa mzerewo. Mdani wamkulu ndi kutentha. Phala likayamba kuuma poperani madzi, ndipo mphindi iliyonse ikani kuseri kwa dzanja pagalasi. Likafunda palibe vuto, koma likafika poti simungasiyepo dzanja, imani lizizire lokha. Musathire madzi ozizira pagalasi lotentha. Galasi la Laminated likatentha malo amodzi limang'aluka, makamaka ngati pafupi pali kachibowo ka mwala, ndipo kapulasitiki ka pakati kakhoza kumatuka n'kuchita thovu. Ntchito imeneyi ndi ya pamthunzi, m'mawa kusanatenthe.

Ine ndinatha Loweruka lathunthu pa mauta awiri aja. Ola loyamba ndinkangoona ngati palibe chikuchitika. Ndinkapukuta phala ndi nsalu, kuunika ndi tochi mopendekera, mizere ili pomwepo. Cha m'ma 11 koloko ndinaona kuti timizere ting'onoting'ono tambirimbiri tapita, patsala itatu yokha yozamirapo. Pofika madzulo iwiri inali itapita, umodzi unangofooka, ndipo ndinausiya dala chifukwa unali kumbali ya pasenjala. Madzulo a tsiku lotsatira ndinatulutsa galimoto nthawi yomwe ija ya dzuwa la m'maso, ndipo ndinkatha kuwerenga nambala ya minibasi imene inali patsogolo panga.

Kuipa kwa njirayi ndi kuchedwa kwake, koma kuchedwa komweko ndi kumene kumateteza munthu wosazolowera, chifukwa n'kovuta kudya galasi lochuluka mwangozi. Ndi dzanja lokha popanda makina mungathe kuchotsa kamzere kamodzi kakafupi, koma uta wonse wa waipa ayi. Muzidziwanso malire ake. Galasi lakutsogolo limene layenda zaka zambiri m'misewu yafumbi limakhala ndi timaenje tosawerengeka ta mchenga, tonyezimira ngati shuga dzuwa likawomba. Timeneti cerium satichotsa. Kutuwa koyera ngati mkaka kumene kumayambira m'mphepete mwa galasi la Laminated kuli mkati, ndi chinyezi chimene chinalowa pakati pa magalasi awiriwo, ndipo palibe kupukuta kumene kungakufikire.

Kupala

Mzere umene ukukola chikhadabo umafuna kupala kaye. Apa amagwiritsa ntchito timapepala tozungulira tokhula ngati sandipepa ta silicon carbide, kapena ta mtundu wa Trizact ta kampani ya 3M, kuyamba ndi tokhakhala, kenako tosalala, kenako tosalala kwambiri, n'kumalizira ndi cerium. Gawo lililonse limafufuta mizere imene lasiya linzake, ndipo liyenera kutenga dera lokulirapo kuposa loyamba. Kudumpha gawo limodzi kumasiya chifunga chimene cerium sangachichotse.

Apa ndi pamene ndinawononga. Ndinatenga sandipepa wa madzi amene ndinali naye wa ntchito ya utoto, n'kulimbana ndi mzere wozama kwambiri wa pagalasi la chitseko, ndikukanikiza pamzere pomwepo ndi zala ziwiri. Mzere unachokadi. Koma nditamaliza kuwalitsa n'kuyang'ana kudzera pamenepo, mzati wa khonde unkaoneka wopindika ngati uli pansi pa madzi. Ndinali nditakumba kabeseni, galasi lasanduka lenzi. Mzere unali wonyansa pang'ono chabe, koma kupindikaku kunkandizunguza mutu nthawi iliyonse ndikayang'ana kalilole wa pambali, ndipo kulibe njira yobwezera. Zinandipweteka chifukwa galasi limenelo linali ndi chidindo chake choyambirira, lomwe bambo ankatsitsa akamalonjera anthu m'njira.

Munthu wodziwa ntchitoyi amapewa zimenezi pomwaza kupalako pa dera lalikulu, nthawi zina lotalika kuposa chikhatho kuzungulira kamzere kamodzi, kuti kutsika kwake kukhale kosaoneka ndi maso. Zimatheka, ndipo pa galasi losowa ndi zoyenera kulipira. Koma musanapereke galimoto, mupempheni akuonetseni galasi limene anapalapo kale, muyang'anire mzere woongoka monga chitseko kapena waya wa magetsi uku mukuyendetsa mutu. Ngati ukugwedera, pitani kwina. Ngati n'kotheka galasilo lichotsedwe m'chitseko, ligonekedwe pa tebulo lokutidwa ndi bulangeti. Galasi la Toughened mphamvu yake ili pakhungu, ndipo malo ake ofooka ndi m'mphepete. Kupala mozama kapena kugunda m'mphepete kungaliyoyole lonse m'kamphindi. Ndipo pagalasi lakutsogolo, pamalo pamene dalaivala amayang'anira msewu, ine sindingalole kupala kozama ngakhale kwa katswiri. Masana kupindikako mwina simungakuone, koma usiku magetsi a galimoto zobwera amatambasuka n'kukunamizani mtunda.

Utomoni umene amabaya pagalasi ndi kuumitsa ndi kuwala kwa dzuwa ndi wa ntchito ina. Umathandiza pa kachibowo ka mwala pagalasi la Laminated kuti mng'alu usapitirire. Mu mzere wokalika sukhalitsa chifukwa mulibe pogwira.

Kusintha galasi

Nthawi zina iyi ndi njira yotsika mtengo kuposa kupala, ndipo zimatengera ngati galasilo ndi lathyathyathya kapena lokhota. Eni Land Rover Series II ndi III ali ndi mwayi: galasi lakutsogolo ndi zidutswa ziwiri zathyathyathya, ndipo a m'zitseko ndi otsetsereka, athyathyathyanso. Volkswagen Beetle nayo, kupatula mtundu wa 1303 umene unabwera ndi galasi lokhota kwambiri, ili ndi magalasi osavuta. Wodula magalasi amene ali ndi la Laminated akhoza kukudulirani potengera lakalelo. Onetsetsani kuti kunenepa kwake kukufanana ndi kwa lakale kuti lilowe mu labala kapena mu njanji yake. Galasi la Toughened silidulika likawotchedwa kale, limayenera kudulidwa kaye n'kukawotchedwa pambuyo. Ndipo chonde, galasi la mawindo a nyumba lisalowe m'galimoto ngakhale kwa sabata imodzi. Limasweka m'zidutswa zazitali zakuthwa ngati mipeni.

Magalasi okhota ndi amene amavuta. Njira yoyamba ndi kusaka galimoto yakufa ya mtundu womwewo. Peugeot 404 ndi 504, Mercedes W123, Datsun 120Y ndi Toyota zakale zinayenda zambiri kuno kwathu ndi m'maiko oyandikana nafe, ndipo zina zikadali kuseri kwa magalaja, udzu utamera mkati. Langa la chitseko ndinalipeza motero, pa 504 imene inalibe injini ngakhale matayala. Pitani ndi madzi, nsalu ndi tochi, mulitsuke musanalipire, chifukwa galasi la zaka zofanana ndi lanu likhoza kukhala ndi mizere yofanana ndi yanu. Funsaninso ngati galimotoyo ndi saluni, siteshoni wagoni kapena pikapu, popeza magalasi a kumbuyo amasiyana. Njira yachiwiri ndi galasi latsopano lopangidwa motengera lakale. Ku England kuli Pilkington Classics imene imapanga magalasi a galimoto zakale, ndipo ku South Africa kumapezeka a mitundu yambiri imene inkasonkhanitsidwa kumeneko. Mtengo wa galasi lenilenilo nthawi zambiri si umene umapweteka, chimapweteka ndi bokosi lamatabwa, ulendo ndi msonkho.

Posintha galasi lakutsogolo gulanitu labala watsopano. Wakale amakhala atauma ngati chikopa, ndipo kukakamiza galasi kutuluka mwa iye ndi kumene kumaswa magalasi ambiri. Ndi bwino kudula labalayo ndi mpeni, galasi lituluke mwamtendere. Mukapeza kuti lakutsogolo ndi la Toughened ndipo galimotoyo mumayendera masiku onse, ine ndingasankhe la Laminated, lakalelo n'kulikulunga bwino n'kulisunga. Mwala umodzi wa lole pa msewu wa M1 umasandutsa galasi la Toughened kukhala loyera lonse, osaona kanthu, galimoto ili pa liwiro.

Galimoto zotsegula pamwamba monga MGB zili ndi windo lakumbuyo lapulasitiki. Limenelo lisakhudzidwe ndi lezala kapena steel wool, lili ndi polishi wakewake wa pulasitiki.

Kusiya momwe lilili, ndi kutseka gwero

Pa galasi la m'mbali kapena lakumbuyo, mzere umodzi wozama umene suli m'njira ya maso ndimausiya. Ndimangoupukuta pang'ono ndi cerium kuti milomo yake isalale, chifukwa chimene chimanyezimira padzuwa kwambiri ndi milomo yakuthwayo. Ukatero umafooka moti mlendo sauona, ndipo galasi limakhala loongoka, chidindo chake chili pomwepo. Ndikanadziwa zimenezi poyamba, galasi la bambo likanakhala lidakali m'chitseko.

Mulimonse mmene mungasankhire, mizere idzabwerera ngati chimene chinaijambula chidakalipo. Pa muyeso wa Mohs wa kulimba kwa miyala, galasi lili cha pa 5.5 pamene mchenga wa quartz uli pa 7, ndipo fumbi lathu la m'chilimwe ladzaza ndi timchenga timeneti. Mizere yoongoka ya pagalasi la chitseko imachokera ku timalamba taubweya timene tili pakamwa pa chitseko ndi mu njanji zake. Ubweya ukatha pamatsala mchenga wokakamira ndi timawaya kapena tizitsulo togwirira, ndipo nthawi iliyonse mukapukusa chogwirira, galasi limadzikhula lokha. Nditatsegula chitseko changa ndinapeza kachitsulo kamodzi kadzimbiri katapindikira mkati, ndendende pamene panali mzere wozama uja. Ndinasintha timalamba tonse ndisanaike galasi limene ndinagula, ndinatsuka njanji ndi kaburashi ka mano, n'kuona ngati galasi likukwera moongoka.

Mawaipa nawo ndimasintha mvula isanayambe, chifukwa dzuwa la October limakhala litaumitsa labala, ndipo ndimaonetsetsa kuti m'kabotolo ka madzi muli madzi ndisanawayatse. Anyamata otsuka galimoto ndimawapempha kuti ayambe athira madzi ambiri fumbi litsike lokha, komanso kuti nsalu ya magalasi ikhale yakeyake, isakhale imene yangochoka kumatayala. M'galimoto ndimasungamo botolo la malita 2 ndi kansalu koyera m'kathumba, ndipo m'mawa fumbi likakhala litagona pagalasi ndimathira madziwo kaye ndisanakhudze chilichonse.